Chifukwa Chake Zibaluni za ku Namib Zimanyamuka M'bandakucha

SESRIEM, Namibia — Alendo ofuna kuona chipululu cha Namib kuchokera mumlengalenga amadzutsidwa kukadali mdima. Amatengedwa pa galimoto kupita pomwe chibaluni chayalidwa, ndipo dzuwa likamatuluka amakhala atakwera kale m'dengu lolendewera kunsi kwake. Nthawiyi sasankhira kukongola kokha. Chachikulu ndi kuteteza miyoyo.

Chibaluni chilibe injini kapena chiwongolero. Moto wa gasi umatenthetsa mpweya wa mkati mwake kufika pafupifupi madigiri 100, ndipo poti mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, chimakwera. Nzeruyi ndi ya abale awiri a ku France a banja la Montgolfier, omwe chibaluni chawo chinanyamula anthu koyamba mu mzinda wa Paris mu 1783. Woyendetsa amangotha kuchikweza kapena kuchitsitsa, kufunafuna mphepo yolowera komwe akufuna.

M'mawa mpweya wa m'chipululu umakhala wozizira ndi wabata. Dzuwa likakwera, mchenga umatentha, mpweya n'kumakwera mwamphamvu mosadziwika bwino, zomwe zingathe kugwetsera dengu pansi potera. N'chifukwa chake ulendo umatha pakangopita ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umalephereka mphepo ya kum'mawa ikawomba mwamkuntho m'nyengo yozizira.

Ali m'mwamba, alendo amaona milu ya mchenga wofiira ya ku Sossusvlei, ina yotalika kuposa mamita 300, komwe mtsinje wa Tsauchab umathera osafika kunyanja. Bungwe la UNESCO linaika dera la mchengali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2013.

Nyanja ya Atlantic ili pa mtunda wa makilomita oposa 50 kumadzulo, koma zibaluni siziloza kumeneko. Madzi ozizira a Benguela amabweretsa nkhungu yochindikala ndi mphepo yamphamvu m'mphepete mwa nyanja, ndipo pakatipo palibe msewu woti galimoto yotsatira chibaluni idutse kukatenga anthu.

Ngakhale malo otera amasankhidwa mosamala, chifukwa m'zigwa za miyala za ku Namib mikwasa ya matayala imatha zaka makumi angapo isanafufutike. Woyendetsa waluso amayesetsa kutera pafupi ndi njira yomwe ilipo kale.