Madzi a ku Seke ndi Mau a Ogwiritsa Nchito Makina

Mzinda wa Chitungwiza uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa Harare. Unakhazikitsidwa m'caka ca 1978 pamene anaphatikiza malokesheni atatu, ndiwo Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Mwa iwo muli ambiri amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzafuna nchito. Mzinda waukulu cotere ulibe malo aceace oyeretserapo madzi. Umalandira madzi kucokera ku Harare, ena ocokera ku malo oyeretsera a Prince Edward, amene amatunga m'madamu a Seke ndi Harava pa mtsinje wa Manyame, ena ocokera ku Morton Jaffray pafupi ndi nyanja ya Chivero. Madziwo sakwanira onse. Amagawidwa mosinthana, lero dera ili, tsiku lina dera linalo, ndipo mai wa ku Seke anazolowera kudzuka pakati pa usiku akamva mpopi wayamba kutsokomola mpweya. M'cilala ca 2019 madamu awiri aja anaphwa.

Nkhani ino iri ya cinthu cooneka cakutali ndi mai ameneyo, ngakhale cimkhudza ndithu. Ndiyo ya mapulogalamu a kompyuta amene mainjiniya amalinganizira mapaipi a madzi, ndi m'mene anthu owagwiritsa nchito angathe kuwasinthitsa mwa kunena zimene aona.

Nchito ya pulogalamu

Kale injiniya wofuna kudziwa kukula kwa paipi yoyenera pa msewu wakutiwakuti ankawerengera ndi pensulo pa pepala, kutsata njira imene Hardy Cross wa ku America anaifotokoza m'caka ca 1936. Mzinda wa mapaipi mazanamazana unkamdyera masabata. Masiku ano nchitoyo icitidwa ndi kompyuta m'kamphindi, ndipo mwa mapulogalamu odziwika koposa pa nchitoyi muli ina yochedwa EPANET. Anailemba Lewis Rossman, wa bungwe la boma la America losamalira zacilengedwe, la Environmental Protection Agency, mu mzinda wa Cincinnati. Inatuluka koyamba m'caka ca 1993, ndipo yaciwiri yokonzedwanso inatuluka mu 2000. Sigulidwa ndi ndalama, ndipo malembo ace a m'kati ali poyera kuti ali yense wodziwa awawerenge. Cifukwa cace ophunzira ndi mainjiniya a maiko osauka amaikonda.

Injiniya amajambula mapaipi onse a dera pa kompyuta, nauza pulogalamu kutalika kwa paipi iri yonse, kukula kwa kamwa lace, ndi kukhakhala kwa m'kati mwace. Amaonjezapo mapampu, mavalavu ndi matanki, kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndiponso madzi amene nyumba za pa mphambano iri yonse zimafuna pa ora liri lonse la tsiku. Tsono pulogalamu iwerengera potsata malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti madzi olowa pa mphambano alingane ndi madzi oturukapo. Laciwiri ndi lakuti madzi poyenda amataya mphamvu cifukwa ca kukhulana ndi khoma la paipi. Yankho lace lisonyeza madzi oyenda m'paipi iri yonse ndi mphamvu yao yokankha pa malo ali onse, imene imayesedwa m'mamita, ndiko kunena msinkhu umene madziwo angakwere atapatsidwa mpata. Iwerengeranso m'mene mankhwala a klorini amacepera madzi akamakalamba m'mapaipi.

Pamene pulogalamu inaphonya

Cipangizo ciri conse cimanyamula maganizo a kwao kwa mwini wocipanga. EPANET inabadwira ku dziko kumene mpopi suuma, ndipo inamangidwa pa ganizo lakuti nyumba iri yonse idzalandira madzi onse amene yapempha, usana ndi usiku. Injiniya akaiuza kuti mphambano yakutiyakuti ifuna malita akutiakuti, pulogalamu inkapereka malita onsewo pa pepala, ngakhale m'paipi mulibe mphamvu yowafikitsa. Zikabvuta inkangocenjeza kuti mphamvu ya madzi yatsika kupitirira ziro, koma masamu ace nkumasonyezabe kuti anthu amwa.

Ku malo onga Seke ganizo limenelo siligwira. Valavu ikatsegulidwa patapita masiku, banja liri lonse litsegula mpopi nthawi imodzi ndi kudzaza migolo, zidebe ndi mabafa. Nyumba za kumunsi zitunga zambiri, ndipo za pamtunda ndi za kumapeto kwa paipi zilandira madontho kapena mpweya wokha. Injiniya wokhulupirira masamu akale aja angathe kuganiza kuti dera lonse lathandizidwa, nagula pampu kapena paipi yosayenera ndi ndalama za mzinda zimene ziri zocepa kale.

Palinso coopsa coposa ludzu. Paipi yodzala madzi amphamvu imakankhira kunja pa ming'alu yace, koma paipi yopanda kanthu imayamwa za kunja, ndipo ngati pafupi pace pali zonyansa za m'zimbudzi zosefukira, zilowa momwemo. Anthu a ku Chitungwiza adziwa mtengo wa madzi oipa, pakuti mliri wa kolera wa 2008 unayambira mu mzinda wao m'mwezi wa August, ndipo pofika pakati pa 2009 unali utadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko lonse la Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000. Kudziwa malo ndi nthawi imene paipi ikhala yopanda mphamvu ndi nkhani ya moyo.

M'mene ogwiritsa nchito anaisinthira

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Amene anayamba kuona bvutoli ndi mainjiniya ogwira nchito m'mizinda ya madzi ogawidwa, ndi ena ofuna kudziwa cocitika paipi yaikulu ikaphulika. Poyamba anapeza njira zozembera. Ena ankanamiza pulogalamu mwa kuika pa mphambano iri yonse kacipangizo kamene kanalinganizidwira mipopi yothirira mbeu ndi yozimira moto, popeza kameneko kokha ndiko kankaturutsa madzi molingana ndi mphamvu yao. Ena ankajambula madamu ongoyerekeza. Njira zimenezi anazilemba m'magazini a maphunziro ndi kuzifotokoza pa misonkhano ya mainjiniya a madzi, caka ndi caka, kufikira kunaoneka poyera kuti anthu ambiri akulimbana ndi cinthu cimodzi.

Masamu a yankho anali odziwika kale. M'caka ca 1988 akatswiri atatu, Wagner, Shamir ndi Marks, anafotokoza m'mene madzi oturuka pa mpopi amacepera mphamvu ikamacepa, ndipo mapulogalamu ena ogulidwa ndi ndalama anatengako nzeru yotere. Koma EPANET yaulere ija inakhala yosasinthika kucokera mu 2008. Tsono m'caka ca 2015 ogwiritsa nchito a maiko osiyanasiyana anasonkhana m'gulu lochedwa Open Water Analytics, naika malembo a pulogalamu pa GitHub, pamene ali yense angalembe bvuto limene waona, ena nkuliyesa, ena nkulikonza, zonse poyera. Anaturutsa EPANET 2.1 mu 2016. Rossman mwini wace anagwira nao nchito, ndipo kumapeto kwa 2019 kunatuluka EPANET 2.2, imene boma la America linaigawanso mu 2020.

Mu pulogalamu yatsopanoyo injiniya angathe kuchula mphamvu ziwiri. Yoyamba ndi yocepetsetsa, imene pansi pace mpopi suturutsa kanthu. Yaciwiri ndi yokwanira, imene pamwamba pace banja lilandira zonse zimene lifuna. Pakati pa ziwirizi banja lilandira gawo cabe. Motero nyumba ya pamtunda imene pa pepala inkamwa madzi kulibeko, tsopano ioneka monga iri, youma. Kucokera pa 1988 kufika pa 2019 papita zaka 31, ndipo cimene cinalowetsa nzeruyo m'cipangizo ca anthu onse ndi kuumirira kwa amene ankacigwiritsa nchito. Momwemonso ndi ogwiritsa nchito amene anaimasulira m'Cisipanishi, Cifalansa ndi Cipwitikizi, cinenero cimene injiniya wa ku Tete amagwirira nchito.

Komabe nchito siinathe. EPANET imawerengera ngati mapaipi ali odzala nthawi zonse. Siona m'mene paipi youma imadzalira pang'onopang'ono, madzi akupitikitsa mpweya, kuyambira kumunsi kunka kumtunda. Ofufuza ena amabwereka pulogalamu ina ya bungwe lomwelo, yochedwa SWMM, imene inalembedwera ngalande za madzi a mvula ndi zonyansa, kuti aone kudzala kumeneko. Mizinda yonga Chitungwiza ndiyo idziwa bwino cimene cikusowa, ndipo mau ace afunika kumveka.

Dandaulo lomveka ndi lotani

Olemba mapulogalamu amalandira madandaulo ambiri, ndipo manja ao ndi ocepa. Dandaulo lakuti "pulogalamu yanu siigwira" liwasiya m'mdima. Lothandiza ndi limene munthu wina wakutali angathe kulibwereza pa kompyuta yace ndi kuona bvuto lomwelo ndi maso ace.

Cotero wodandaula ayambe wachula nambala ya pulogalamu imene ali nayo, pakuti kapena bvutolo linakonzedwa kale m'yatsopano. Kenaka acepetse citsanzo cace. Mapaipi 3,000 a mzinda wonse sawerengeka msanga, koma mapaipi 10 osonyeza colakwa comweco amveka tsiku lomwelo. Anene zinthu zitatu molekanitsa: cimene anacita, cimene anayembekeza, ndi cimene cinaturuka. Ngati ali ndi miyeso ya kumunda, monga mphamvu imene geji inasonyeza pa mpopi wakutiwakuti pa ora lakutilakuti, aiike pamodzi ndi yankho la pulogalamu, kuti kusiyana kuoneke m'manambala. Asanatumize ayang'ane bwino ngati colakwa sicili cace, popeza paipi yolembedwa mamilimita pamalo pa mainchi yanamizira mapulogalamu ambiri osalakwa.

Kupempha cinthu catsopano kuli ndi mwambo wacenso. Wopempha afotokoze nchito imene alephera kuicita ndi anthu amene abvutika nayo, asathamangire kulamula batani lakutilakuti. Akanena kuti dera lace lilandira madzi maora owerengeka pa sabata, ndi kuti mabanja amasunga m'migolo ndi m'matanki a pa nyumba, wolemba pulogalamu angathe kupeza njira yoposa imene wopemphayo anaiganiza. Ndipo pulogalamu yoyesera ikaturuka, iye amene anapempha ayenera kukhala woyamba kuiyesa pa mapaipi a kwao ndi kubweza mau, cifukwa kusintha kosayesedwa kumabala zolakwa zatsopano.

Pa mapulogalamu ogulidwa ndi ndalama zinthu zisiyana pang'ono. Malembo ao ndi obisika, ndipo kampani imamvera msanga makasitomala akuluakulu. Pempho la injiniya mmodzi wa tauni yosauka licedwa kuyankhidwa. Mutu umodzi susenza denga: pempho lomwelo likacokera kwa mainjiniya a mizinda ingapo pamodzi, kapena kudzera m'bungwe lao monga Zimbabwe Institution of Engineers, kapena m'kafukufuku wa sukulu yonga University of Zimbabwe, lilemera mokwanira kuti aliganizire.

Gawo la mwini mpopi

Kodi tsono mai uja wa ku Seke, amene sanakhudzepo EPANET, alowapo bwanji? Injiniya sangadandaule bwino kwa wolemba pulogalamu ngati iye mwini sadziwa cocitika m'misewu. Mizinda yambiri iribe mageji okwanira, ndipo mapu a mapaipi akale samasonyeza nyumba zonse zimene zinalumikizidwa pambuyo pace. Wodziwa ora leni leni limene madzi anafika pa mpopi ndi iye amene anadzuka kukatunga.

Banja lingathe kusunga kabuku kakang'ono, ndi kulembamo tsiku, ora limene madzi anabwera, ora limene anatha, ndi mphindi zimene cidebe ca malita 20 cinatenga kuti cidzale. Lilembenso ngati madzi oyamba anali akuda kapena onunkha. Kabuku kamodzi sikanena zambiri, koma timabuku ta nyumba 30 za msewu umodzi, kuyambira kumunsi kufika kumtunda, tisonyeza m'mene paipi imadzalira, cinthu comweco cimene pulogalamu siinathe kuciona. Zolembedwa zotere zikaperekedwa kwa khansala kapena pa msonkhano wa eni nyumba, zifika kwa injiniya ngati umboni woti ayerekeze ndi masamu ace. Pamene masamu ndi timabuku tisiyana, pamenepo ndipo pali cofunika kukonza, kaya m'mapu a injiniya kaya m'pulogalamu momwe.

Eni dziko la Seke, a Shona, ali ndi mwambi wakuti mwana wosalira afera m'mbereko. Pa nkhani ya makina kulira kokha sikukwanira, pakuti wolemba pulogalamu ali kutali ndipo samva mau a pa mzere wa pa citsime. Cimene cimfika ndi tsiku, ora, malo ndi nambala. Amene ali ndi mpopi ndi pensulo ayambe kulemba madzi akadzabweranso.