Mowa wa m'chitini wochokera ku Joni: kodi ungabweze mpamba?

Amene amaoda katundu ku Joni amalipeza m'masitolo ena: bokosi lalikulu lokhala ndi chidebe cha pulasitiki, chitini cholemera ndi kapaketi ka yisiti, pamwamba atajambulapo tambula ya mowa wa thovu. Izi ndi zipangizo zofululira mowa pakhomo zogulitsidwa pamodzi. Ku South Africa kufulula pakhomo kudakula mu 2020, boma litaletsa kugulitsa mowa nthawi ya Covid-19. Ambiri adathamangira mowa wa nanazi mpaka mtengo wa nanazi udakwera. Wageni akaliona bokosilo funso lake limakhala limodzi: kodi muli ndalama?

M'chitinimo, chomwe nthawi zambiri chimalemera makilogalamu 1.7, mumakhala madzi a chimera cha barele okhuthala ngati uchi, osakaniza kale ndi hops, chomera chomwe chimapatsa mowa wa m'botolo kuwawa kwake. Wofulula amasungunula madziwo pamodzi ndi kilogalamu imodzi ya shuga m'madzi otentha, n'kuthirapo madzi ozizira oyera mpaka akwane malita 23. Akazizira amawaza yisiti ndi kutseka chidebe. Pachivundikiro pamakhala kachubu ka madzi kotulutsa mpweya koma kosalola mpweya wakunja kulowa.

Mowawo umawira kwa sabata imodzi kapena kupitirirapo. Kenako umathiridwa m'mabotolo, lililonse ndi shuga pang'ono woti abweretse thovu, ndipo umadikira masabata ena awiri. Wothira m'botolo mowa usanamalize kuwira amadzutsidwa usiku ndi mabotolo akuphulika.

Masamu ake ndi awa. Malita 23 amadzaza mabotolo 30 a mamililita 750. Wageni aphatikize mtengo wa chitini, shuga, zotsekera, mankhwala otsukira, mayendedwe ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza kapena Dedza, agawe ndi 30, kenaka ayerekeze ndi mtengo wa mowa wochuluka chimodzimodzi pa botolo sitolo ya pafupi. Akumbukirenso kuti chitini chatsopano chimafunika ulendo uliwonse, chimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mpamba wake umagona m'chidebe ndi m'mabotolo masabata atatu. Mayi wa masese amagula chimanga ndi chimera pamsika womwewo, ndipo masiku ochepa chabe ndalama yake yabwerera. Wa thobwa ndiye amatembenuza mpamba wake mofulumira kuposa pamenepo. Pa geni, bokosi la ku Joni limavutika kupikisana ndi mbiya.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Yisiti wa m'mabokosiwa amagwira bwino pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kukapitirira 30 mowa umatuluka ndi fungo loipa. Choncho June ndi July wa ku Dedza kapena Mzuzu ndi wabwino, pamene Okutobala wa ku Nsanje ndi Chikwawa angaononge chidebe chonse. Ena amakulunga chidebe ndi chiguduli chonyowa n'kuchiika pamthunzi podutsa mphepo, monga momwe madzi amazizirira mumtsuko.

Pali zina zomwe bokosili limaphunzitsa, ndipo wofulula aliyense angazitenge osalipira kanthu. Choyamba ndi ukhondo. Malangizo ake amalimbikira kuti chilichonse chokhudza mowa chitsukidwe ndi kuphedwa tizilombo: chidebe, mthiko, chubu, botolo. Mowa ukasasa msanga, nthawi zambiri vuto limakhala chiwiya, osati maso a anansi. Mgolo womwe udasungapo mafuta, feteleza kapena mankhwala a mbewu usayandikire mowa ngakhale utatsukidwa kangati.

Chachiwiri ndi muyeso. Wofulula wolemba m'kope kuchuluka kwa ufa, chimera, madzi, nkhuni ndi masiku amadziwa mtengo weniweni wa chikho chimodzi, ndipo mowa ukakoma amatha kuubwereza. Woyeza ndi maso amadabwa madzulo kuti mbiya yatha koma ndalama sizikukwana kugulira chimanga china.

Chachitatu, chomwe chili chachikulu, ndi zipangizo zabwino. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 adamwalira ndipo oposa 200 adadwala atamwa mowa wa chimanga pamaliro. Mayi yemwe adafulula mowawo adamwaliranso. Poyamba mphekesera idali yakuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima adapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo ta Burkholderia gladioli, tomwe tidapezeka mu ufa wa chimanga womwe udanyowa ndi madzi osefukira. Poizoniyu samva fungo ndipo saphedwa ndi moto. Ufa wonyowa kapena chimanga chachuku chimatsika mtengo pamsika, ndipo anthu amakonda kunena kuti "chimenechi n'cha mowa". Wofulula wanzeru amachisiya. Chosayenera nsima sichiyeneranso mbiya.

Asanagulitse botolo loyamba, wageni apite ku khonsolo ya boma kapena ya mzinda wake akafunse za chiphaso, chifukwa lamulo la zakumwa zoledzeretsa sililola kugulitsa mowa popanda chilolezo, ngakhalenso kugulitsa kwa ana osakwana zaka 18. Wofuna kuika chakumwa m'mabotolo okhala ndi dzina lake akumanenso ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo a MRA adzafuna msonkho wawo. Zonsezi zilowe m'masamu aja a botolo limodzi.

Bokosi la ku Joni ndi labwino kwa munthu wofuna kuphunzira kapena kufululira alendo a pa Khirisimasi, bola ayambe kumayambiriro kwa Disembala ndi kupeza malo ozizira. Koma amene mpamba wake ndi womwewo wodyetsa ana ayambe ndi mbiya yaing'ono ya thobwa, alembe zonse zimene waononga ndi zimene wapeza, ndipo akulitse geniyo pokhapokha kope litamuonetsa phindu maulendo atatu otsatizana.