Maphunzilo a pa intaneti: mwana ali ndi mbali yake, aphunzitsi alinso ndi yao

Kucokela mu 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseketsa masukulu, acinyamata ambili akuphunzila za ku yunivesiti ali pakhomo, kupyolela pa intaneti. Ife makolo timagulitsa cimanga, nshawa ndi thonje kuti tilipile mafizi ndi kugula kompyuta. Conco tiyenela kudziwa zimene mwana afunika kucita, ndi zimene aphunzitsi ayenela kum'patsa, maka-maka pa phunzilo lolemba mapulogalamu a kompyuta.

Kulemba pulogalamu ndiko kuuza kompyuta zocita, mzela ndi mzela, m'cinenelo conga C kapena Python. Kacizindikilo kamodzi kakasoweka, pulogalamu ikana kugwila nchito. Luso limeneli lili ngati kulima ndi ng'ombe. Munthu salidziwa mwa kupenyelela cabe, koma mwa kugwila pulawo ndi manja ake.

Citsanzo cabwino ndi CS50, kosi ya pa yunivesiti ya Harvard ku America, imene a David Malan amaphunzitsa. Kuyambila mu 2012 ili pa intaneti kwaulele, ndipo ngakhale mwana wa ku Katete kapena ku Petauke angathe kuiphunzila. Kuti alandile satifiketi, afunika kupeza 70 pa 100 pa nchito iliyonse yopatsidwa ndi pa pulojekiti yomaliza.

Udindo woyamba wa wophunzila ndi kulemba nchito yake yekha. Malamulo a CS50 amalola kuonetsa mnzako pulogalamu yako kuti akuthandize pamene yalakwika, koma salola kuyang'ana yankho la mnzakoyo. Amaletsanso kupempha ChatGPT kuti ikulembele. Wokopela adziwe kuti pali makina oyelekezela mapulogalamu, monga Moss amene anapangidwa mu 1994, ndipo amagwila wakuba ngakhale asinthe maina m'kati mwa pulogalamu. Koma ngakhale asagwidwe, watenga pepala lopanda luso, ndipo pa nchito adzaonekela poyela.

Udindo waciwili ndi kusunga nthawi. Pa intaneti palibe belu, palibenso kapitao. Mwana adziikile yekha maola ophunzila, ayambe nchito msanga, ndi kufunsa pamene sanamve. Tikumbukile mmene malaiti anali kuthimila maola ambili mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Woyembekezela usiku womaliza amadziika m'mavuto.

Aphunzitsi naonso ali ndi mangawa. Pa ciyambi alembe poyela zimene adzaphunzitsa, masiku opelekela nchito, mmene adzapatsila mamakisi, ndi thandizo limene lili lololedwa. Ayankhe mafunso m'nthawi yake. Pobweza nchito asangolemba nambala, koma aonetse pamene mwana waphonya. Maphunzilo awajambule kuti amene intaneti inam'dukila adzaonele pambuyo pake.

Cilango naco cikhale cophunzitsa. Mu 2014 a CS50 anaika lamulo lakuti wophunzila wa pa Harvard amene wakopela, akadziulula yekha maola 72 asanathe, angataye mamakisi a nchitoyo koma mlandu supita ku bwalo la yunivesiti. Apa mwana amaphunzila kuti kunena zoona kuli ndi phindu.

Akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Ifenso makolo tili ndi mbali yathu. Tisamutume mwana kudimba kapena kucigayo pa ola la kalasi poganiza kuti akungosewela pa foni. Tisanalipile ku koleji iliyonse ya m'dziko muno, tifunse ngati inalembetsedwa ku Higher Education Authority. Ndipo nthawi ndi nthawi timuuze mwana atsegule kompyuta, atisonyeze pulogalamu imene walemba, ndi kutifotokozela m'Cinyanja zimene imacita. Akatha kufotokoza, ndalama za zokolola zathu zapita pabwino. Akamangokanda m'mutu, tikhale naye pansi temu isanathe.