Mulungu alibe sikelo ya ku esiteti

Pa ntchito yathu ya ubusa pali gawo limodzi limene akhristu amaliopa kwambiri: bwalo la akulu ampingo. Kuno ku Thyolo, m'mipingo yozungulira maesiteti a tiyi, munthu akangolandira uthenga woti akufunika kubwaloko amayambiratu kutsanzika mumtima. Ambiri sabwera n'komwe. Pakapita miyezi timangomva kuti mayi uja anasamukira mpingo wina, bambo uja masiku ano Lamulungu amalithera pakachasu. Ukawapeza n'kuwafunsa, yankho limakhala limodzi: "Abusa, madzi akatayika saoleka."

Milandu imene timaiona si yachilendo. Wina wamira mu katapila mpaka wagwira ndalama za kwaya. Wina malipiro a milungu iwiri wawamwera usiku umodzi. Wina wasiya mkazi kumudzi n'kukatenga mnzake kumakomboni. Mtsikana watenga pathupi asanadalitse ukwati. Bwalo limamumva mwini wakeyo, limamvanso mboni. Akavomera, timamuimitsa mgonero kwa kanthawi, ngati anali ndi udindo amayamba wautula, ndipo amalowa kalasi. Mkulu wampingo wa kudera kwake amapatsidwa ntchito yomuyendera. Nthawi ikakwana amabwezeredwa pamaso pa mpingo wonse. Akatolika ali ndi njira yawo yokalapa kwa wansembe, a Pentekoste yawonso yopita kutsogolo kukapemphereredwa, koma cholinga n'chimodzi: munthuyo abwerere. Bwalo limene laimitsa munthu koma osamuyendera lasiya ntchito yake pakati.

Vuto limene ndimakumana nalo kwambiri lili m'maganizo. Wothyola tiyi amadziwa kuti dengu lake likafika pa sikelo kalaliki amalemba makilo, ndipo malipiro amachokera pa zolembedwazo. Anthu amabwera nawo maganizo omwewa kutchalitchi. Amaona ngati kumwamba kuli kaundula wa makilo, ndipo popeza iwo anawononga zaka zisanu kapena khumi, sangafikenso pa mlingo. Ena amayesa kulipira ngongoleyo mwa kusala kudya mosalekeza ndi kugona m'mapiri, akatopa n'kusiya zonse.

Maphunziro a zaumulungu amalekanitsa zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba ndi kulungamitsidwa: Mulungu amamulandira wolapa chifukwa cha Khristu, osayang'ana kuchuluka kwa ntchito zake. Chachiwiri ndi kuyeretsedwa: kusintha kwa khalidwe kumene kumatenga moyo wonse, ndipo kumayenda mopunthwapunthwa. Wosokoneza ziwirizi akapunthwa pa chachiwiri amaganiza kuti wataya choyamba. Martin Luther, pa mfundo zake 95 za mu 1517, anayamba ndi yoti kulapa ndi ntchito ya moyo wonse wa mkhristu.

Mkangano wa kulandiranso ogwa ndi wakale, ndipo Afrika ndi amene anathandiza kuuthetsa. Mu 250 mfumu ya Roma, Decius, inalamula anthu onse kupereka nsembe kwa milungu ya boma, ndipo akhristu ambiri anagonja poopa imfa. Chizunzo chitatha anafuna kubwerera. Novatian wa ku Roma anati chitseko chitsekedwe. Koma mu 251 mabishopu anakumana ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, motsogozedwa ndi Cyprian, n'kugwirizana kuti ogwawo alandiridwenso akadutsa nthawi ya kulapa. Kalasi imene anthu amaithawa lero mizu yake ili kumeneko. M'Baibulo momwemo muli Petro, amene anakana Mbuye wake katatu koma n'kupatsidwa nkhosa kuti awete. Muli Yohane Marko, amene anathawa ulendo wa utumiki ku Perga mpaka Paulo anakana kuyendanso naye, koma pambuyo pake Paulo yemweyo anamuitanitsa ngati munthu wothandiza.

Ngakhale pakhomo pathu pano pali umboni. Joseph Booth, amene anafika m'dziko muno mu 1892 ndipo anabatiza John Chilembwe, anali munthu woyamba zinthu zambiri n'kuzisiya pakati. Ku Makwasa anatsegula mishoni ya Plainfield mothandizidwa ndi a Seventh Day Baptist. Khofi amene ankadalira analephera, eni ndalama anagwa mphwayi, ndipo mu 1902 malowo anagulitsidwa kwa a Seventh-day Adventist. Booth anabweranso pamodzi ndi Thomas Branch wa mpingowo, sanamvane, ndipo mu 1903 anachoka. Wina akanayeza ntchitoyo chaka chimenecho akanati yafa. Mu 1907 malowo anatchedwa Malamulo, ndipo lero pali chipatala ndi sukulu ya zaumoyo zimene zimatumikira anthu ochokera kutali.

Nanga kukula mu uzimu kumaoneka bwanji? Anthu amayembekeza maloto, masomphenya kapena kugwa pansi popemphera. Ine ndikamayendera munthu ndimafunsa zinthu zogwirika. Kodi ndalama zija wayamba kubweza, ngakhale pang'onopang'ono? Kodi wapita kukapepesa kwa amene anamulakwira, ankhoswe ali pomwepo? Tsiku la malipiro amadzera njira iti popita kunyumba, ndipo amayenda ndi ndani? Kodi mwana wobadwa kunja uja akumusamala? Nyengo ya dzinja, masamba akachuluka ndipo thupi lafooka, amapezabe kamphindi kopemphera ndi banja lake? Bambo amene kale ankaledzera malipiro aliwonse, lero wagwa kamodzi pa miyezi itatu n'kubwera yekha kudzanena, ameneyo akukula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukhululukidwa sikufafaniza zotsatira. Ngongole imakhalapobe, matenda amafunabe kuchipatala, ndipo amene anapwetekedwa ali ndi ufulu wotenga nthawi asanakhulupirirenso. Pamene pali nkhanza kwa mkazi kapena mwana, bwalo la mpingo silingalowe m'malo mwa apolisi ndi khoti. Msungichuma amene anadya ndalama angathe kubwerera ku mgonero, koma nzeru imati thumba ligwiridwe kaye ndi wina.

Kwa anzanga akulu ampingo ndikuti: tisamawerengere munthu tchimo la zaka khumi zapitazo nthawi iliyonse dzina lake likatchulidwa pa chisankho. Amene tinamubwezera tinamubwezera. Ndipo inu amene munasiya kupemphera chifukwa cha manyazi, musadikire kuti muyambe mwakonzeka. Pitani kwa mkulu wampingo wa kudera kwanu sabata ino, mumuuze kuti mukufuna kulowa kalasi.