Kupimitsa mafuta a m'magazi ku Chongwe: ulendo umakakamira pa zenera la labu

Si zachilendo kumva kuti munthu amene anauzidwa kuti akapimitse cholesterol wabwerera kwawo osatengedwa ngakhale dontho limodzi la magazi. Wina amabwezedwa chifukwa wamwa kale tiyi m'mawa, wina chifukwa wafika labu itasiya kulandira magazi a tsikulo, wina amauzidwa kuti mankhwala opimira atha, abwerenso sabata yamawa. Kwa mlimi wa ku Kanakantapa, ku Katoba kapena ku Lwiimba, amene wasiya dimba lake ndi kulipira galimoto, mawu akuti "mubwerenso" nthawi zambiri amathetsa nkhani yonse. Sabweranso. Choncho ndi bwino kudziwiratu mmene njirayi imayendera ndi pomwe imakonda kukakamira.

Cholinga cha kupimitsaku n'chachidule. Cholesterol ndi mafuta amene chiwindi chimapanga, ndipo ena amachokera m'zakudya. Thupi limawafuna, koma akachuluka amamatirira m'kati mwa mitsempha monga dzimbiri m'paipi ya mjigo, mpaka magazi kulephera kufika bwino ku mtima kapena ku ubongo. Mathero ake ndi sitiroko kapena kuima kwa mtima mwadzidzidzi. Mafutawa akamachuluka sapweteka, sachititsa chizungulire, ndipo munthu wowonda angathe kukhala nawo ochuluka kuposa wonenepa. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anafa ndi matenda a mtima ndi mitsempha, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ndi apakati. Kuno ku Zambia, kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera. Ngati mwadutsa zaka 40, ngati muli ndi BP kapena shuga, ngati mumasuta fodya, kapena ngati bambo, mayi kapena mbale wanu anagwa ndi sitiroko asanakalambe, muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera kupimidwa. Amene ali pa ma ARV nawonso afunse ku kiliniki yawo, poti mitundu ina ya mankhwalawa imakweza mafuta m'magazi.

Ulendo umayambira pa kiliniki ya kwanuko. Boma linachotsa malipiro m'makiliniki akumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawachotsa m'malo onse a chithandizo choyambirira, choncho kuonana ndi wachipatala pa kiliniki ya boma sikulipiridwa. Tengani khadi lanu la kuchipatala ndi chitupa chanu cha NRC. Koma dziwani kuti kiliniki yaing'ono imapima malungo, HIV, BP ndi shuga wa pachala. Kupima mafuta kumafuna makina a mu labu, ndipo kawirikawiri njinga zamoto zimene zimanyamula magazi kuchokera m'makiliniki zimayendera za HIV ndi TB. Chimene mukufuna pa kiliniki ndi pepala: fomu ya labu kapena kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu cha Chongwe.

Apa ambiri amasokonezeka chifukwa cha kapemphedwe. Mukangonena kuti "ndabwera kudzapimitsa magazi", wachipatala amene ali ndi mzere wautali panja adzakulemberani malungo ndi kuchuluka kwa magazi, basi. Inu mudzapita kunyumba mukuuza abale kuti anandipima zonse, ndili bwino, pamene mafuta sanawaone n'komwe. Dzina la chimene mukufuna ndi lipid profile. Litchuleni momveka ndi mwaulemu: "Pepani adokotala, ndili ndi BP ndipo amayi anga anagwa ndi sitiroko, ndikupempha mundilembere lipid profile." Musanatuluke, yang'anani ngati mawuwo alembedwadi pa fomu, ngati dzina lanu ndi zaka zanu zili zolondola, ndiponso ngati pali siginecha ndi chidindo. Fomu yopanda chidindo ingakubwezetseni pa zenera la labu, ndipo mukabwerera mudzapeza wokulemberaniyo wapita ku wodi.

Tsopano tifike pa zeneralo, pamene zinthu zimaima.

Choyamba ndi nkhani ya kudya. Malabu ambiri amafuna kuti mukhale osadya kwa maola 9 mpaka 12. Izi zikutanthauza kuti mukadya nsima ya madzulo musadyenso kanthu mpaka magazi atatengedwa. Madzi okha mungamwe. Tiyi, maheu, munkoyo, chimanga chootcha cha pa siteshoni, zonsezi ndi chakudya, ndipo mowa muusiye kuyambira dzulo lake. Vuto ndi lakuti ambiri sauzidwa zimenezi pamene akulemberedwa fomu. Amazimvera pa zenera, atayenda kale makilomita ambiri. Masiku ano madokotala amavomereza kupima cholesterol munthu atadya, makamaka ngati n'koyamba, popeza chimene chimasintha kwambiri ndi chakudya ndi mafuta otchedwa triglycerides. Komabe musakangane nazo pa zenera. Pitani osadya, mutanyamula kamba woti mudye mukatuluka. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, funsani wachipatala mmene mungachitire musanayambe kusala, chifukwa shuga angatsike mukali pa mzere.

Chachiwiri ndi nthawi. Magazi a mtundu uwu amatengedwa m'mawa. Amachokera mu mtsempha wa pa mkono, kuikidwa m'kabotolo, kenako kuzunguzidwa m'makina kuti madzi ake apatukane asanapimidwe. A mu labu amakonda kusonkhanitsa mabotolo ambiri n'kuwapima pamodzi, ndiye wofika masana amapeza ntchitoyo yatsekedwa. Lawirirani, ndipo pewani Lachisanu masana kapena tsiku loyandikira holide.

Chachitatu ndicho chopweteka kwambiri: mankhwala opimira, amene a mu labu amawatcha ma reagent. Makina angakhalepo, katswiri angakhalepo, magetsi angakhalepo, koma popanda mankhwalawa palibe chimene chingachitike. Zipatala za boma zimawalandira kudzera ku ZAMMSA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Medical Stores Limited, ndipo akachedwa kufika labu imangodikira. Nthawi zina a shuga ndi a impso alipo koma a mafuta palibe. Nthawi zina makina awonongeka ndipo wokonza ayenera kuchokera ku Lusaka. Chilala cha mu 2024, chimene chinachititsa kuti magetsi azithima, chinationetsanso mmene kuthimako kumaimitsira ntchito zotere. Wa pa zenerayo si amene amagula mankhwala, ndipo kumukalipira sikubweretsa botolo. Koma mawu akuti "palibe, mubwerenso" si yankho lokwanira kwa munthu amene wagona ndi njala ndi kulipira galimoto, ndipo simuyenera kuchoka ndi mawu okhawo.

Funsani modekha kuti mankhwalawo akuyembekezeka liti, ndiponso ngati pali nambala ya foni ya labu yoti muimbe musananyamukenso. Kenako bwererani kwa amene anakulemberani fomu, mumuuze zimene zachitika, mumupemphe akulembereni kalata yopitira kwina. Chipatala cha Levy Mwanawasa chili pa msewu womwewu wa Great East Road mukamalowa mu Lusaka, ndipo Chongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera mu mzindawo. Koma musakwere minibasi chimanjamanja. Zipatala zikuluzikulu monga Levy Mwanawasa ndi UTH zimayembekezera kuti mubwera ndi kalata yochokera ku chipatala chaching'ono, ndipo wopanda kalata angabwezedwe kapena kulipiritsidwa. Chimodzimodzinso National Heart Hospital, imene ili cha ku msewu wopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda: n'chipatala cha anthu amene atumizidwa ndi madokotala chifukwa cha matenda a mtima, osati malo oyambira kwa munthu amene akungofuna kudziwa mafuta ake.

Fomu yanu musaisiye pa zenera ngati magazi sanatengedwe. Ndi yanu, ndipo mudzaifuna kulikonse kumene mupite.

Amene ali pa NHIMA ali ndi khomo lina. Inshuwaransi ya zaumoyo imeneyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018. Wogwira ntchito yolembedwa amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, ndipo bwana wake amaikapo 1 peresenti ina. Alimi, ogulitsa mu msika ndi ena odzigwirira ntchito amalembetsa okha n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Chokhumudwitsa n'chakuti ambiri amadziwira pa desiki kuti akaunti yawo sikugwira, mwina bwana anadula ndalama koma sanatumize, mwina iwo eni anadumphitsa miyezi, mwina mkazi kapena mwana sanalembetsedwe. Nthawi zina intaneti yathima ndipo wa pa desiki sangathe kuona dzina lanu. Pitani pa desiki la NHIMA tsiku limene mwalandira fomu, osati m'mawa umene mwasala, mufunse ngati akaunti ili bwino ndiponso malabu ati amene akulandira khadi lanu pa nthawi imeneyo.

Zikakanika zonsezi, pamatsala labu yolipira. Funsani mtengo wa lipid profile yonse musanatambasule mkono, chifukwa ena amakupimani cholesterol yonse yokha, nambala imodzi, pa mtengo wooneka wotsika, ndipo dokotala akaona amakutumizaninso. Yang'anani pa khoma ngati pali chiphaso cha Health Professions Council of Zambia. Landirani risiti. M'chipatala cha boma, ndalama iliyonse yoyenera kulipiridwa imaperekedwa kwa wolandira ndalama ndipo imakhala ndi risiti. Wina akakukokerani pambali n'kunena kuti angakuthandizeni mwachangu mukamupatsa kena kake m'manja, kanani, ndipo mukanene kwa mkulu wa chipatala.

Chenjeraninso ndi anthu oyenda ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta, amene amakugwiritsani kachitsulo m'manja n'kukuuzani kuti mitsempha yanu yadzadza mafuta, kenako n'kukugulitsani mabotolo a mankhwala pa mtengo wa thumba la feteleza. Palibe makina amene angayeze cholesterol popanda magazi kutuluka. Anthu amenewa amadyera pa okhumudwa amene abwezedwa ku labu.

Zotsatira zikatuluka, musavomere kungouzidwa kuti "zili bwino". Tengani pepala, kapena lijambuleni ndi foni. Kuno manambala amalembedwa mu mmol/L. Kwa munthu wopanda matenda ena, cholesterol yonse imafunika ikhale pansi pa 5.2, LDL, amene ndi mafuta otseka mitsempha aja, akhale cha pansi pa 3.0, triglycerides pansi pa 1.7, pamene HDL, amene amathandiza kuchotsa oipawo, akhale pamwamba pa 1.0 kwa abambo ndi 1.2 kwa amayi. Mukaona nambala ngati 200 musachite mantha: labu imeneyo yalemba mu mg/dL, ndipo 200 ikufanana ndi 5.2. Wodwala shuga kapena amene anagwapo ndi sitiroko amafunika LDL yotsika kuposa pamenepa. N'chifukwa chake pepalalo liyenera kubwerera kwa wachipatala, amene adzaliwerenga pamodzi ndi BP yanu, shuga, zaka ndi nkhani ya fodya. Wa mu labu ntchito yake ndi kupima, osati kukulemberani mankhwala.

Wachipatala angakulangizeni kuchepetsa nyama yonona, masoseji, zitumbuwa ndi tchipisi zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza, n'kuwonjezera nyemba, ndiwo zamasamba, nsomba ndi kuyenda pansi. Angakupatseninso mapiritsi monga atorvastatin kapena simvastatin. Amenewa samwedwa ngati a malungo. Amapitirira, ndipo pakatha miyezi pafupifupi itatu mumapimitsanso kuti aone ngati akugwira ntchito. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene msanga, popeza mapiritsiwa si oyenera pa nthawi imeneyo. Ngati pa famase ya chipatala palibe, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo pa pepala.

Koma ngati mukumva kupweteka kothina pa chifuwa, kubanika, kapena mkono ndi mbali ya nkhope zafooka mwadzidzidzi, zonse za mafomu ndi kusala zisiyeni. Thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo.

Pempho langa likupita kwa a ofesi ya zaumoyo m'boma la Chongwe ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi. Makiliniki onse adziwitsidwe sabata iliyonse zimene labu ikutha kupima, chikalata chikhomedwe pa khomo, nambala ya foni ya labu ilembedwe poonekera, ndipo aliyense wolembera munthu lipid profile amuuze pomwepo za kusala ndi nthawi yofikira. Zimenezi sizifuna ndalama zochokera ku Lusaka. Inu amene muli mu komiti ya kiliniki ya kwanu, kaitchuleni nkhaniyi pa msonkhano ukubwerawu.