MMENE AMAWERUZIRA TINYUMBA TOPANGA NDI MANJA PA MIPIKISANO YA TISITIMA

Wolemba ndi Mlangizi wa Zaulimi

Ambiri a inu munafikapo pa chionetsero cha zaulimi. Munaona oweruza akusenda chimanga kuti aone mizere ya njere zake, akupapasa nthiti za ng'ombe, akutembenuza mphasa ndi madengu. Ndipo pobwerera kumudzi munamvanso madandaulo akuti, "Uja wapambana chifukwa woweruza ndi mlamu wake." Mawu otere amapha chionetsero, pakuti munthu amene wapita kwawo ndi mtima wowawa chaka chino sabweretsanso kanthu chaka chamawa. Tsono sabata ino ndifuna kukuuzani za anthu a kutali amene anapeza njira yabwino yoweruzira ntchito za manja. Iwowa si alimi ayi, koma nzeru yawo ingathe kutithandiza.

Anthu a tisitima

Sitima ya pamtunda mukuidziwa, pakuti njanji inafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935. Ku America, ku England ndi m'maiko ena kuli anthu, akulu ndi ana omwe, amene pa nthawi yawo yopuma amayendetsa tisitima tating'ono ta magetsi pa tinjanji toyala pa thebulo. M'mbali mwa tinjanjito amamanga timasiteshoni, timilatho, tinyumba, timakola ndi timasitolo, kuti munthu akayang'ana aone ngati dziko lenileni lachepetsedwa. Musayese kuti ndi chibwana. Kalabu yawo ya ku London, yotchedwa Model Railway Club, inayamba mu 1910. Bungwe lalikulu la ku America, lotchedwa National Model Railroad Association, linakhazikitsidwa mu 1935 mumzinda wa Milwaukee, ndipo ndilo lili ndi malamulo a kaweruzidwe amene ndifuna kukufotokozerani.

Choyamba mudziwe kuti zonse amazipanga pa muyeso umodzi. Muyeso umene ambiri amaukonda ku America umatchedwa HO, ndipo chinthu chilichonse chimachepa ka 87. Ndiye kuti nyumba yotalika mamita 6 imasanduka kanyumba ka masentimita 7, ngati chala chanu. Chitseko cha mamita 2 chimakhala cha mamilimita 23. Njerwa imachepa kuposa njere ya mpunga. Ku England ambiri amatsata muyeso wa OO, umene umachepetsa zinthu ka 76. Tsono taganizani ntchito ya woweruza amene wapatsidwa tinyumba totere kuti anene koposa tinzake. Akangodalira maso ndi mtima wake, adzasankha kamene kali ndi penti wowala. Chifukwa chake anagawa malikisi m'magawo asanu, onse pamodzi 125.

Gawo loyamba: kamangidwe, malikisi 40

Ili ndilo gawo lalikulu. Woweruza amayang'ana ngati makoma aima chilili, ngati ngodya zakumana bwino, ngati denga lakhala pa khoma popanda mpata, ndiponso ngati guluu sanatayikire poonekera. Amafunsa mafunso awiri. Kodi ntchitoyi inali yovuta chotani? Nanga mwini wake waichita bwino chotani? Kachisakasa ka makoma anayi, ngakhale kapangidwe mosalala, sikangalandire malikisi ofanana ndi siteshoni ya zipinda zambiri yopangidwanso mosalala. Komanso munthu amene wayamba chinthu chachikulu n'kuchimanga mokhotakhota sapindula chifukwa cha ukulu wokha.

Gawo lachiwiri: tizinthu tating'ono, malikisi 20

Apa amawerenga tizinthu timene munthu waulesi amatisiya, monga mahinjesi a chitseko, masitepe, mipope yotsitsa madzi a mvula, ndi mapaso a denga amene amaoneka munthu akasuzumira m'kati. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo ili limalipira munthu wodekha.

Gawo lachitatu: kufanana ndi chenicheni, malikisi 25

Kanyumba kayenera kumangidwa monga mmene nyumba yeniyeni ya mtundu umenewo imamangidwira. Mlatho woikidwa mizati pamalo pamene sungathe kunyamula sitima umataya malikisi, ngakhale ukongole. Chifukwa chake wopikisana amalemba pa pepala zimene wachita, ndipo amalimbikitsidwa kubweretsa zithunzi kapena mapulani a chinthu chenichenicho, kuti woweruza asachite kulota.

Pa nkhani iyi ya kufanana ndikuuzeni za bambo wina dzina lake Roye England, wochokera ku Australia, amene anakakhala ku England. Iye anaona kuti nyumba zakale za udzu za m'midzi ya dera la Vale of White Horse zikutha, zina akuzigwetsa, zina akuzisintha madenga. Tsono anayamba kuyendayenda m'midzimo, kuyeza nyumba, kuzijambula, ndi kuzipanganso ndi makatoni pa muyeso wa 76, akupenta njerwa imodziimodzi. Mu 1954 anayambitsa nyumba yosungiramo ntchitoyi yotchedwa Pendon, m'mudzi wa Long Wittenham. Munthu akapitako amaona mmene alimi a kumeneko ankakhalira m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ntchito yake ili ndi phindu chifukwa sanapange za m'mutu mwake, anayamba wayeza.

Gawo lachinayi: penti ndi zilembo, malikisi 25

Mwina muganiza kuti apa wopambana ndi amene wapaka penti wonyezimira. Si choncho. Nyumba yeniyeni imene yaima zaka zambiri pafupi ndi njanji imada ndi utsi, malata ake amachita dzimbiri, ndipo m'munsi mwa khoma mumakhala matope othovukira ndi mvula. Woweruza amafuna kuti mtundu ndi ukalamba wa kanyumba zigwirizane ndi malo ake ndi zaka zake, ndiponso kuti zilembo za pa khoma zikhale zoongoka. Bambo John Allen wa ku Monterey, m'chigawo cha California, anatchuka chifukwa cha luso lotere lokalambitsa tinyumba ndi tisitima. Anamwalira mu January 1973, ndipo patangopita masiku khumi moto unawononga njanji yake yotchukayo. Koma luso lake linatsala m'manja mwa anthu ambiri amene anaphunzira poona zithunzi za ntchito yake.

Gawo lachisanu: zopanga yekha, malikisi 15

M'masitolo a kumeneko amagulitsa tinyumba todulidwa kale, toti munthu angomata zidutswa zake. Sikoletsedwa kubwera nato, koma malikisi a gawo ili amapita kwa amene wadula ndi kusema yekha. Kuti kanyumba katchedwe kopanga yekha, pa zidutswa 100 zilizonse, 90 zikhale zotuluka m'manja mwa mwini wake. Penti, guluu ndi timatabwa tosadula sizimuchotsera malikisi, monganso mmisiri wa matabwa sitimunena kuti sanapange mpando chifukwa anagula misomali.

Mzere wa malikisi 87.5

Tsono imvani chinthu chimene ine ndichiyesa chanzeru koposa. Kuwonjezera pa malo oyamba, achiwiri ndi achitatu, bungweli linaika mzere pa malikisi 87.5, ndiye kuti 7 pa 10 alionse. Kanyumba kalikonse kofika pa mzerewu kamalandira ulemu wotchedwa Merit Award. Tikafika tinyumba khumi, eni ake khumi amalandira. Pakapanda kofikapo, palibe wolandira. Motero munthu salimbana ndi mnzake yekha, koma amalimbana ndi muyeso umene ukudziwika kwa onse. Ndipo wofuna satifiketi ya ummisiri wa tinyumba ayenera kumanga zinthu 12, chimodzi mwa izo chikhale mlatho, ndipo 6 mwa izo zifike pa mzere umenewu.

Tiyerekeze tinyumba tiwiri. Koyamba ndi kogula m'sitolo, komata bwino ndi kokongola. Kalandira 28 pa kamangidwe, 15 pa tizinthu, 18 pa kufanana, 22 pa penti, koma 2 okha pa zopanga yekha. Onse pamodzi ndi 85. Kachiwiri ndi kosema ndi manja, penti wake wosasalala. Kalandira 30, 12, 21, 14 ndi 14. Onse pamodzi ndi 91. Anthu oonera akanaloza koyamba, koma kofika pa mzere ndi kachiwiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mwini wa koyamba sangathe kunena za ulamu, pakuti pepala likumuonetsa pamene pathawira malikisi ake, ndi chimene ayenera kukonza chaka chamawa.

Nanga ife zitikhudza bwanji?

M'midzi mwathu luso lotere lilipo kale. Ana anu amaumba ng'ombe za dongo, amapinda magalimoto a mawaya, amamanga tinyumba ta mapesi. Alangizi nafenso timaphunzitsa bwino ndi kachifanizo koti munthu akagwire m'manja kuposa ndi mawu okha. Chifukwa chake ndikupemphani kuti pa chionetsero cha m'dera lanu, kapena pa sukulu yanu, muike thebulo la tinkhokwe, timakola, tizigafa ndi tizimbudzi topanga ndi manja. Simusowa kugula kanthu. Mapesi, bango, nsungwi, luzi, udzu, dongo ndi zitini zakale zilipo.

Tengani muyeso wosavuta, wochepetsa chinthu ka 10. Nkhokwe yotalika mamita 2 ikhale ya masentimita 20. Mwana apite ndi chingwe kukayeza nkhokwe yeniyeni asanadule phesi ndi limodzi lomwe. Pakutero aphunzira masamu osadziwa kuti akuphunzira.

Malikisi ndikulangizani kuwagawa motere, onse pamodzi 100: kamangidwe 30, kufanana ndi chenicheni 30, zopanga yekha 20, tizinthu tating'ono 10, kukongoletsa 10. Mzere ukhale pa 70. Mwaona kuti kufanana ndakukweza, kukongoletsa ndakutsitsa. Chifukwa chake n'chakuti kachifanizo kathu ndi mphunzitsi. Kankhokwe kokhala pansi penipeni, kopanda timalata totchinga makoswe pa miyendo yake, kamaphunzitsa mudzi wonse kudyetsa makoswe chimanga. Woweruza ayeze ngati miyendo yake ikufika masentimita 10, ndiye kuti mita imodzi pa nkhokwe yeniyeni, ndiponso ngati denga latuluka mokwanira kuti mvula isalowe. Pa kakhola ka mbuzi kam'mwamba aone ngati mitengo ya pansi ili ndi mipata yoti ndowe zigwe koma phazi la mbuzi lisakodwe. Pa kachimbudzi aone chivundikiro cha pa dzenje ndi potsukira m'manja.

Malangizo kwa oweruza

1. Lengezani magawo a malikisi mwezi umodzi chionetsero chisanafike, pa bwalo la amfumu, ku sukulu ndi ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Kubisa malamulo ndiko kumabala mphekesera.

2. Pa thebulo pakhale manambala, osati maina. Maina asunge mlembi m'buku lake kufikira kuweruza kutatha.

3. Oweruza akhale atatu kapena kuposapo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aliyense atenge gawo lake ndi kuliweruza pa tinthu tonse, kuti muyeso wake usasinthe pakati pa njira. Mmodzi akhale mmisiri womanga, wina mayi wodziwa za pakhomo, wina mphunzitsi kapena mlangizi.

4. Woweruza akazindikira ntchito ya mwana wake kapena ya m'bale wake, anene poyera ndi kuima pambali. Palibe manyazi pamenepo.

5. Ana apikisane okhaokha, akulu okhaokha. Atsikana musawasiye kunja, pakuti amene amadziwa kuzira ndi kutsutsuta nyumba adziwanso kumaliza kanyumba.

6. Musagwire chinthu cha mwini mwamphamvu. Chimene chinatenga masabata atatu chingathe kuphwanyika ndi chala chimodzi.

7. Lembani chifukwa pa gawo lililonse, ngakhale mawu atatu okha, monga "denga lafupika" kapena "ngodya zakhala bwino". Pepalalo mum'patse mwini wake. Wolephera amene wauzidwa chifukwa amabweranso, koma wongobwezedwa chimanjamanja sabweranso.

Njira yomweyi mungathe kuigwiritsa ntchito poweruza chimanga, mphasa, mipini ndi mbiya. Gawani malikisi, lengezani msanga, ikani mzere, ndipo nenani zifukwa.

Nthawi yabwino yoyamba ndiyo mukatha kukolola, pamene mapesi ali mbwee m'minda ndipo ntchito yachepa. Kambiranani ndi amfumu anu ndi aphunzitsi, ndipo muitane mlangizi wa m'dera lanu kuti akuthandizeni kuyeza nkhokwe ndi khola zoti ana atengerepo chitsanzo.