Mauka asakupasulireni banja

Pa amayi anayi alionse, atatu amadwalapo mauka pa moyo wawo. Komabe mayi akalowa m'chipinda chopimira amayamba wadandaula za mutu ndi msana, ndipo akagwira chitseko kuti azituluka m'pamene amatsitsa mawu: "Komanso anesi, kumunsiku kukuyabwa." Ndine namwino komanso mzamba kuno ku Neno, ndipo mawu apachitsekowa ndi amene ndimawadikira.

Chimene ambiri amachitcha mauka nthawi zambiri chimakhala fangasi wotchedwa Candida albicans. Fangasiyu si mlendo m'thupi. Amakhala m'njira ya abambo mwa amayi ambiri osavuta, chifukwa tizilombo tina tabwino ta m'menemo timamuletsa kuchulukana. Tizilombo tabwinoti tikachepa, iye amaswana. Mayi amamva kuyabwa kosagonetsa tulo, kuwotcha pokodza kapena pokhala malo amodzi ndi abambo, ndipo chikazi chimatuluka choyera, cholimba ngati chambiko, chopanda fungo loipa.

Matendawa sali m'gulu la opatsirana pogonana. Mtsikana wosadziwa mwamuna amadwala. Mayi amene mwamuna wake ali ku Joni amadwala. Abambo, musathamangire kwa ankhoswe. Zimene zimawadzutsa n'zodziwika: pathupi, shuga wokwera m'magazi, chitetezo chotsika, ndi mankhwala monga amoxicillin ndi doxycycline, amene popha tizilombo toipa amaphera kumodzi ndi tabwino tija. Makapisozi ogula pagolosale munthu akangomva chimfine amatibweretsera odwala ambiri. Kutentha kwa ku Lisungwi ndi ku Zalewa, kuphatikiza panti wa nayiloni ndi taiti yothina tsiku lonse, nakonso sikuthandiza khungu lomwe layamba kale kunyerenyetsa.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti amayi aukhondo kwambiri ndi amene amadzivulaza. Kutawasa mkati ndi zala, sopo, mchere kapena mandimu kumachotsa tizilombo toteteza tija, ndipo kuyabwa kukakula mayi amawonjezera kutsukako. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera, mkati mumadziyeretsa mokha. Za kudula mauka ndi lezala, ndikunena mosapsatira: palibe chodula pamenepo. Fangasi sachoka ndi lezala. Chotsala ndi bala, kutaya magazi, ndi khomo lotsekukira HIV ngati lezalayo yadutsa pa anthu angapo.

Tsono si chikazi chilichonse chimene chimayamba chifukwa cha Candida, n'chifukwa chake timafunsa mafunso ochititsa manyazi aja. Chikakhala chamadzimadzi chonunkha, kawirikawiri ndi mabakiteriya. Chikakhala chachikasu kapena chobiriwirako, cha thovu, tikhoza kuganizira Trichomonas, amene amapatsiranadi pogonana, ndipo apo timafuna abambo nawonso alandire mankhwala. Mitundu iwiriyi imamva metronidazole, uja mumamuti Flagyl. Fangasi samumva Flagyl ngakhale mutamwa paketi yonse. Ndiye mankhwala amene anachiza mnzanu wa kumpingo akhoza kukhala opanda ntchito kwa inu.

Fangasi timamuchiza ndi clotrimazole, woika m'njira ya abambo pogona, kapena piritsi limodzi la fluconazole la 150 mg. Woyembekezera sitimupatsa lakumwali, amagwiritsa ntchito oika okha, choncho ngati mukukayika kuti mwaima, tiuzeni. Dziwaninso kuti mankhwala oikawa amafewetsa kondomu mpaka kung'ambika, ndi bwino kupumira kaye kugonana kufikira mutachira. Abambo safunika mankhwala pokhapokha nawonso akuyabwa kapena afiira kunsonga.

Amene ndimawadera nkhawa ndi amayi obwerabwera. Matendawa akabwerera kanayi pa chaka, funso langa limachoka pa fangasi n'kupita pa thupi lonse, ndipo ndimapempha kuyeza shuga ndi HIV. Kwa amayi ena, kuyabwaku ndiye chizindikiro choyamba cha matenda a shuga. Pamenepa ife a ku Neno tili ndi mwayi. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino kuyambira 2007, ndipo kuchokera mu 2015 odwala shuga, BP ndi HIV amathandizidwa pa kiliniki imodzi ya matenda a mgonagona. Simukufunika ulendo wa ku Blantyre. Chipatala chachikulu cha pa boma, cha Lisungwi, ngakhale zing'onozing'ono monga Dambe ndi Chifunga, n'poyambira pokwanira.

Koma chikazi chosakanikirana ndi magazi, kutuluka magazi mukatha kugonana kapena mutasiya kale kusamba, kupweteka m'chinena ndi kutentha thupi, zimenezo si mauka. Zikhoza kukhala matenda a m'chiberekero kapena khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno. Mukaona zotere musadikire kuti mwezi uthe, bwerani tidzakuyezeni sabata yomweyo.